Posafika Dzanja

Faustina adadzuka kunja kukuyera, koma adadzuka maso okha. Thupi lidakana. Zala zidali zitauma ngati mikangala yopachikira fodya, ndipo akati apume mozama, china chake chimamubaya pansi pa bere lamanzere n'kuzungulira mpaka kumsana. Adangogona chagada, kupuma pang'onopang'ono ngati mpweyawo ndi wobwereka.

Panja nkhuni zimathetheka. Posakhalitsa Chiukepo, mwamuna wake, adalowa atanyamula beseni la madzi otentha, kansalu kali paphewa.

"Tembenukani, amake Dorika. Tiyambe kumsanaku."

"Fodya akuuma uko, bambo. Dzuwa likatuluka mukasankha zinyenyeswa."

"Fodyayo ali ndi nthiti?" adatero Chiukepo uku akufinya kansalu. "Adikire."

Adayamba kumuthowa. Malo ake amawadziwa bwino: pakati pa mapewa, kutsikira pang'ono, pamene nthiti zimakumana ndi msana. Akatsindika pamenepo ndi nsalu yotentha, Faustina amamva chifuwa chikumasuka ngati mfundo ya chingwe yonyowa.

Aliyense wa ku Chulu amadziwa kuti fodya wa bale amasankhidwa m'mamawa, tsamba likadali lofewa ndi mame. Dzuwa likangokwera amanyenyeka m'manja. Tsoka lake, nthawi imeneyo ndiyo inalinso nthawi ya matenda a Faustina. Pofika masana mayiyu amakhala atatunga madzi, atasesa, akuseka ndi anzake pamjigo. Ndiye pakamwa pa anthu mukupadziwa. Amati awa ndi matenda ophunzira, odziwa kuwerenga wotchi. Chiukepo yekha ndi amene samatero, poti ndiye amaona zalazo zisanawombedwe ndi dzuwa.

Kwawo kwa Chiukepo kudali kumpoto, kupitirira Chisemphere, kumene anthu amasakaniza Chichewa ndi Chitumbuka ndipo mkazi amamulowola ndi ng'ombe. Iye ng'ombe adalibe. Atakonda Faustina adavomera chikamwini, abale ake n'kumuseka kuti mwamuna wanji wotengedwa ngati nkhuku ya chiweto. Adamanga nyumba pamalo a akuchikazi, adamanga chigafa chachitali chomwe anthu amalozerana njira, amayimba besi m'kwaya ya kumpingo, ndipo adalera mwana wawo mmodzi, Dorika, mpaka kumukwatitsa kuboma.

Chaka chimenecho fodya adachita bwino. Mabelo atadindidwa, Chiukepo adakwera nawo lole kupita ku okushoni ku Chinkhoma. Mzere wa malole udali wautali, moti adakhalako masabata. Adabwera m'kati mwa chisanu cha June, atavala malaya atsopano, m'thumba muli botolo la mafuta opaka pothowa.

Sabata isadathe, Faustina adagwa nawo matenda kuposa kale. Zala zidatupa, m'manja ndi m'mawondo chimodzimodzi. Kutsokomola kudasanduka chilango, kuseka adasiya, ngakhale kuyasamula amaganiza kaye. Kuchipatala chaching'ono adamuyeza makhololo, TB sadayipeze. Adamupatsa mankhwala a chibayo ndi opha ululu. Adamwa mpaka adatha, nthiti zili chibayire.

Apa ndi pomwe adalowerera a Ezelina, mayi ake aakulu, mkulu wawo wa malemu mayi ake. A Ezelina adali mzati wa amayi a Chigwirizano. Tsiku la mapemphero amavala bulauzi yoyera yosita bwino, koma masiku enawo padalibe muzu wa m'tchire la ku Chulu womwe sakadautchula dzina. Iwo samaona kuti ziwirizi zimalimbana.

Adakhala pamphasa, adagwira dzanja la Faustina, adalitembenuza uku ndi uku.

"Kutupa. Chifuwa. Kuwonda. Mwamuna wangochoka kumene ku okushoni," adatero akuwerenga ndi zala. "Ukufunanso ndani akuuze, mwanawe? Uwu ndi mdulo."

Mdulo aliyense amaudziwa, ngakhale amene amati sakhulupirira. Akuti mwamuna akayenda kumbali n'kubwerera m'nyumba osaulula, mkazi kapena mwana amatupa, chifuwa chimamugwira, ndipo akachedwa naye amapita.

"Bambo a Dorika sangatero, mayi," adatero Faustina.

"Onse amene adatero, akazi awo adanena mawu omwewo. Nyengo ya fodya amuna amaiwala njira ya kwawo. Malaya atsopano aja adamusankhira ndani?"

Faustina adakana tsiku limenelo, adakananso mawa lake. Koma ululu ndi mlangizi woipa. Ukakhala nawo usana ndi usiku umayamba kufuna munthu woti umuloze chala, chifukwa ululu wopanda mwini ndi wovuta kuupirira. Adayamba kuyang'anitsitsa malaya aja. Adayamba kuona ngati chisamaliro cha mwamuna wake chachuluka mokayikitsa. M'mawa wina, nsalu yotentha ili kumsana, adafunsa.

"Bambo, ku Chinkhoma kuja mumagona kuti?"

Chiukepo adaseka, koma atasuzumira nkhope ya mkazi wake kusekako kudazima.

"Yayi, anyina Dorika," adatero, lilime litathawira kwawo monga limachitira zinthu zikamukhudza. "Yayi. Zimenezo ayi."

Nkhani idafika kwa ankhoswe. A Mphepo, malume ake a Faustina, adaitanitsa bwalo la pabanja m'chigafa muja, momwe tsopano mudangotsala mikangala ndi fungo la fodya. Faustina adamukhazika pamphasa atamufunditsa bulangete. A Ezelina adabwera ndi mbale ya mizu yoviika, pambali pake kachikho ka mchere.

"Mankhwala ndi awa," adatero. "Koma sagwira ngati wolakwa sadaulule. Aulule, athire mcherewu ndi dzanja lake, mwana amwe. Basi."

"Ine palibe chomwe ndidachita, amalume," adatero Chiukepo.

"Mkamwini, pano sitikuzenga mlandu," adatero a Mphepo mofatsa. "Tikupulumutsa moyo."

"Ndanena kuti palibe."

Adakokana mpaka mthunzi udasuntha. Kenaka fumbi la fodya lidamulowa Faustina pakhosi. Adayesa kuchibweza chifuwacho, chidakana. Atatsokomola adalira ngati mwana, manja onse atagwira m'nthiti, misozi ili chuchuchu.

"Mwaona?" adatero a Ezelina. "Akafa mwanayu mudzamuika m'manda ndi kukana kwanuko."

Chiukepo adamuyang'ana mkazi wake nthawi yaitali. Kenaka adatembenukira kwa a Ezelina.

"Ndikavomera, mankhwalawo agwira?"

"Agwira."

"Bweretsani mcherewo."

A Mphepo adafunsa kuti mkazi adayenda nayeyo adali ndani. Chiukepo adati wina wake wogulitsa mandasi pamzere wa malole, dzina sadamufunse. Adatapa mchere, adathira m'mbale, adatakasa ndi chala, n'kupereka yekha pakamwa pa mkazi wake. Faustina adamwa maso ali kumbali. Mankhwalawo adali owawa, koma chowawa kwambiri chidali mumtima.

Ndiye taonani m'mene zinthu zimanamizira. M'mawa mwake kudacha kofunda, mphepo ya chisanu italeka, ndipo Faustina adadzuka akupuma bwinoko. Kwa iye umboni udakwana. Chiukepo atalowa ndi beseni lake, adamupeza atakhala tsonga.

"Musandikhudze," adatero Faustina.

"Amake Dorika, madzi azizira."

"Manja amenewo akathowe wa mandasi. Zaka zonsezi ndimati ndili ndi mwamuna, osadziwa kuti mukundipha pang'onopang'ono."

Chiukepo adatsegula pakamwa ngati anena kanthu. Adayang'ana m'mene chifuwa cha mkazi wake chimakwerera ndi kutsika mosavuta, ndipo adatsekanso. Adaika beseni pansi n'kutuluka.

Zotsatira zake sizidachedwe. Kumpingo adamuimitsa kudya mgonero, kwaya idatsala yopanda besi. Ankhoswe atafunsa Faustina maganizo ake, iye adayankha mawu amodzi: "Achoke." Palibe adamukakamiza. Chiukepo adamangirira bulangete, khasu ndi kathumba ka zovala panjinga, adatsanzika a Mphepo mwaulemu, n'kulowera kumpoto. A Ezelina adamuperekeza ndi mwambi: mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka.

Mvula isadagwe, matenda adabwerera onse, ndi katundu wawo yemwe. A Ezelina adati mdulo udalowerera, adakumbanso mizu ina. Faustina adamwa mpaka m'mimba mudatopa. Fodya adaleka kulima, poti nazale imafuna msana ndipo kusoka masamba kumafuna zala. Chigafa chija chiswe chidachidya kumiyendo, chaka chachiwiri chidagwada, kenaka chidagona. M'mawa uliwonse amadikira dzuwa kuti limumasule, akutukwana mumtima munthu amene adamupatsa zimenezi.

Dorika ndi amene adatopa nazo. Adabwera kudzamutenga mayi ake, ndipo kuchipatala cha kuboma adawatumiza ku Lilongwe. Kumeneko adamujambula pachifuwa, adamutenga magazi, adamumvetsera mtima. Tsiku lomva zotsatira adakumana ndi dokotala wachizimayi, wamfupi, wolankhula mosathamanga. Dokotalayo adayang'ana zala zija, zomwe tsopano zidayamba kukhotera kumbali, kenaka adatsindika ndi chala pachifuwa, pamene nthiti imalumikizana ndi fupa lapakati. Faustina adadumpha.

"Ndi pamenepo eti? Mayi, mtima wanu uli bwino, TB mulibe. Iyi ndi nyamakazi, koma ya mtundu wovuta. Asilikali a m'thupi mwanu, amene amayenera kumenya matenda, asokonezeka, akumenya mfundo zanu zomwe. Anthu amaidziwira m'zala ndi m'mawondo, koma nthiti nazonso zili ndi mfundo, kutsogolo kuno ndi kumsana. Zikatupa, kupuma kulikonse kumazigwedeza."

"Imachizika?" adafunsa Dorika.

"Kutheratu ayi, koma imagonja. Pali mankhwala, ena akumwa kamodzi pasabata, ndipo muzibwera tizikuyezani. Mukadafulumira, zalazi tikadazipulumutsa."

Faustina adayang'ana zala zake. Kenaka adafunsa motsitsa mawu, osayang'ana mwana wake.

"Adokotala, matendawa mwamuna angakupatse? Ngati wayenda kumbali?"

"Ayi, mayi. Ngakhale atayenda dziko lonse. Si opatsirana, ndipo palibe amene adawachititsa." Dokotala adatenga cholembera. "Tandiuzani, kuuma kwa m'mawaku kudayamba liti?"

Faustina adati ayankhe kuti chaka cha ku Chinkhoma chija, koma maganizo adamubwezera m'mbuyo. Adaona beseni. Adaona kansalu paphewa. Beseni lija lidayamba kulowa m'nyumba Dorika asadakwatiwe, zaka zingapo ulendo wa ku okushoni usadachitike. Zimenezi sadazimve kwa dokotala. Amazidziwa yekha nthawi yonseyi, ndipo tsiku la bwalo lija amazidziwanso. Pamenepo funso lija lidamubwerera m'makutu momveka bwino, funso lomwe adalimva koma sadalisamale: ndikavomera, mankhwalawo agwira?

M'basi pobwerera adangozyolika njira yonse. Dorika amaganiza kuti ndi nthiti.

Mankhwala adatenga miyezi kuti ayambe kuoneka ntchito yake. Kutupa kudaphwa, mpweya udayamba kufika pansi. A Ezelina atamva za nyamakazi adangoti achipatala ali ndi mayina awo, ife tili ndi athu. Faustina sadakangane nawo. Mlandu sudali wa a Ezelina okha, ndipo mawu oti achoke sadatuluke pakamwa pa a Ezelina.

Mwezi wa October, dzuwa likuswa mtengo, Faustina adakwera njinga yamoto ya kabaza kulowera kumpoto. Msewu udali wa mabampu, ndipo bampu lililonse limamukumbutsa nthiti, koma sadamuuze woyendetsa kuti achepetse. M'njira monse amakonza mawu. Amati akafika agwada, apepesa, amuuza kuti malo ake alipo, chigafa adzamanganso.

Pakhomo la kwawo kwa Chiukepo adapeza mayi wachitsikana akupeta mtedza, khanda lili kumsana. Mayiyo adaika lichero pansi, adagwada.

"Monire, mama. Ndine Chawezi. Mukufuna adada a mwanayu? Ali kudambo, ku nazale."

Faustina adayang'ana khandalo. Lidali ndi mphumi yomwe amaidziwa, mphumi ya Dorika. Mawu onse adakonza m'njira aja adabalalika. Adathokoza, n'kutsata kanjira kotsikira kudambo.

Adamupeza akuthirira mabedi a fodya, kheni kudzanja lililonse. Adali atayamba imvi. Atamuona adaima, madzi akudontha m'mapazi, kenaka adaika makheni pansi n'kumulozera chitsa cha pamthunzi. Adapatsana moni ngati anthu ongodziwana, adafunsana za Dorika, za mvula.

"Zala zaphwa," adatero Chiukepo. Maso ake adali atafika kale pamenepo.

Faustina adamufotokozera zonse: za ku Lilongwe, za mfundo za m'nthiti, za asilikali omenya kwawo komwe. Chiukepo amangogwedeza mutu.

"Ndiye ali ndi dzina matendawa," adatero. "Yewo. Ndasangalala kuti mukupuma."

"Bambo a Dorika, wa mandasi uja..."

Chiukepo adamwetulira pang'ono. "Ku Chinkhoma ndimagona pansi pa lole, kulondera mabelo. Mandasi ndimadya ndithu, koma wogulitsayo anali mdala wa ndevu."

"Nanga munavomereranji?"

"Anati mankhwala sagwira. Kuchipatala tinapitako, sizinathandize. Inu munali mukulira. Ndinati mwina mizuyi ili ndi mphamvu yake, ine ndine ndani kuti nditseke njira? Dzina loipa munthu amakhala nalo moyo. Nthiti zija sindimadziwa ngati mukhala nazo moyo."

"Bwanji osandiuza ine ndekha? M'mawa muja, mutabwera ndi beseni?"

"Ndinabwerera zomwezo. Koma ndinakupezani mutakhala tsonga, mukupuma bwino. Ndinaopa kuti ndikabweza mawu anga, mankhwala asukuluka." Adatola kamtengo, adakathyola. "Ndinadikira chaka chathunthu kuno, kuti mwina mukachira mtima utsika, munditumizira mawu. Kenaka abale anasonkha ng'ombe."

Faustina adalira. Sadabise nkhope, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri adalira mpaka pansi pa chifuwa popanda chomubaya. Zidamupweteka kuti ngakhale mpweya wolirirawo waupeza mochedwa.

"Ndinalakwa, bambo. Ndimadziwa kuti matendawa anayamba kale. Ndimadziwa, koma ndimafuna wina woti ndimukwiyire, ndiye munali pafupi ndinu."

"Ululu unali waukulu, anyina Dorika."

"Chigafa chanu chinagwa," adatero Faustina. Adafuna kupitiriza, kunena za malo aja, koma kumtunda kudamveka kulira kwa khanda, ndipo Chiukepo adatembenukira komweko asadaganize n'komwe. Faustina adaona kutembenukako. Madzi akatayika saoleka. Adameza mawu otsalawo.

"Ndikauza akulu a mpingo," adatero m'malo mwake. "Ndi amalume. Ndikaima pamaso pa anthu, dzina lanu liyere."

"Kachiteni chifukwa cha Dorika. Asamayende ndi manyazi a bambo ake."

Adamuperekeza mpaka pamsewu, pomwe wa kabaza amadikira pansi pa mtengo wa mango. Chawezi adathamangira ndi kathumba ka mtedza, ndipo poona kuti zala za mlendo zikulephera kumanga, Chiukepo adamanga yekha pachitenje. Njinga italira, Chiukepo adafunsa mosayang'ana kumaso.

"M'mawa amakuthowani ndani?"

"Ndimadzithowa ndekha."

"Kumsana kuja simufikako."

"Sindifikako," adatero Faustina.

Lamulungu lotsatira adaimadi m'tchalitchi, adanena zonse mawu osanjenjemera. A Mphepo adawerama mpaka mapemphero adatha. Anthu adati walimba mtima, ena adati zachedwa, ndipo onsewo amanena zoona.

M'mawa mwake adadzuka kunja kukuyera. Kudambo kumamveka makheni a anthu othirira nazale. Adasonkha moto, adatenthetsa madzi, adawathira m'beseni lomwe lija. Adathowa pachifuwa, adathowa m'mbali. Kenaka adaviikanso kansalu, adapinda dzanja kumbuyo, adalitambasula mpaka pomwe phewa lidalola. Madzi ofunda adatsikira m'chiuno. Pakati pa mapewa, kutsikira pang'ono, padatsala pozizira.